Dzanja la mphira la bambo

Ana awiri a mimba imodzi, wamwamuna ndi wamkazi, masukulu anamaliza onse, ntchito chipinda chimodzi, koma moni osapatsana. Chinayambitsa? Mlamu. Mkazi wa mchimwene ananena pagulu kuti chemwali anakwatiwa ndi kompyuta, mchimwene n'kuseka. Kuseka kokhako basi, udani mpaka lero.

Chonsecho ntchito inali imodzi. Bambo awo dzanja lamanja linafa ndi sitiroko, kapu osagwira, ndiye anawa ankawapangira golovesi ya timphira topyapyala ngati khungu la anyezi. Timphirato ukatipatsa magetsi timatambasuka, ukazimitsa timabwerera. Ukatimata moyandikana, kalikonse kamakoka kanzake mpaka zala kupinda. Chemwali ntchito yake inali masamu: kuwerengera pa kompyuta kuti aka kakakoka, kanzake kapyapyala bwanji, magetsi alekezere pati. Mchimwene ndiye wodula ndi kumata.

Tsiku loyesa anabwera nawo bambo pa chikuku. Golovesi anayamba aveka dzanja lamtengo loyeserapo, kapu ya madzi ili pakati pa zala. Chemwali mtima unali m'malo, poti pa kompyuta zalazo zinali zitapinda kambirimbiri osaphonya.

Anatsegula magetsi. Chala choyamba chinapinda, chachiwiri chinatsatira. Kenako phu! Kamoto kabuluu pakati, fungo la mphira wopsa, timphira n'kung'ambika motsatizana ngati msoko wa diresi yothina. Kapu pansi, phwaa!

Chemwali anawerama n'kuyang'anitsitsa. Timphira tinali tothithikana, osati monga tinalili mu kompyuta yake.

"Achimwene, mwatiyandikizitsa liti timeneti?"

"Eee, lero pakamwa patseguka? Dzanja la bambo laonda, sukuona? Ndinachepetsa golovesi."

"Osandiuza? Mukatipanikiza timakokana kwambiri, kapakati kamapyapyala mpaka magetsi kuboola!"

"Ndikanauza ndani, khoma? Funsa amuna akowo, si amadziwa zonse?" Anatero akuloza kompyuta ndi mlomo.

"Nanga likanakhala dzanja la bambo limenelo?"

Komatu zoti dzanja laonda chemwali sankazidziwa. Bambo amakhala kwa mchimwene, ndipo iye ankapitako pokhapokha mlamu akachokapo. Nanga mlamu uja amachoka? Mphaka amachita kumposa kuyenda.

Bambo anayang'ana madzi akuyenderera kunsi kwa tebulo. Kenako ndi dzanja lamoyo lija ananyamula lakufalo, n'kulibisa m'jekete.

Chemwali anagwada pambali pa chikuku. "Tikonza, bambo. Ndingosintha masamu, tiyesanso."

"Muzikonza lamtengolo, mwanangu. Langali lisiyeni."

"Bambo, simukufuna kumwa madzi nokha?"

"Ndinkafuna." Anatembenukira kukhomo. "Ndibwezereni kunyumba. Mpongozi wanga pakamwa ndi poyipa, koma akamandimwetsa sipatuluka moto."