Kachinkhwe ka Pansi pa Chigafa

A Rodwell anakatola pansi pa chigafa cha fodya, patangotha mwezi chiikireni maliro a akazi awo. Kanali kachinkhwe kobiriwira, kothyoka phiko, kolusa ngati mavu. Kankawaluma zala mpaka magazi, koma iwo ankangokapatsa mpendadzuwa n'kumakauza nkhani zomwe kale ankauza malemuwo. Phiko litapola, sikanathawe.

Tsiku lowasudzula litakwana, mchimwene wa malemuwo sanazungulire. "Alamu, nyumba ndi munda n'zapano. Tengani zanu zokha, muzipita kwanu ku Nambuma."

Zaka makumi atatu akukhetsa thukuta pachikamwini! A Rodwell anayang'ana nkhokwe, anayang'ana mitengo ya mango yomwe anabzala okha, osaona choti n'kunyamula. Kenaka kachinkhwe kaja kanadzatera paphewa pawo.

"Tiye," anatero. "Nawenso ndiwe wobwera."