Makanika ndi zitsekerero za mabotolo

Agogo anapereka chenjezo mdzukulu wawo wamkazi atangokhuthulira patebulo zitsekerero za mabotolo zochokera kusukulu.

"Masewera olowa m'ntchito za m'nyumba amapasula mabanja. Musalowemo," anauza mwana wawo, yemwe ndi makanika. Iye anangoseka n'kukoka mpando.

Mantha a agogo sanali a chabe. Mpongozi wawo anali atawanong'oneza kuti Lolemba akasiya sukulu yosoka poti tsiku silimukwanira, ndipo masiku amenewo mwamuna wake ankangomuyankha ndi mutu. Pamene anthu akhalirana chete si poyambitsira masewera.

Mtsikanayo anafotokoza malamulo a masewerawo monga ananenera aphunzitsi ake. Chitsekerero chimodzi ndi ola limodzi. Aliyense atenga mulu wofanana, koma bambo akhala mayi, mayi akhala bambo. Ukagwira ntchito, uponya chitsekerero m'mbale.

"Zophweka izi. Ndaphika," anatero makanika, n'kuponya chimodzi.

"Mwaphikira madzi ati, mayi?" anafunsa mkazi wake. "Pampopi pali mzere."

Anaponya china.

"Khanda lanyowetsa zofunda."

"Ndichapa mawa."

"Ligona pa chiyani?"

"Yunifolomu yanganso simunasite, amayi," anawonjezera mtsikana, akubisa mano.

Agogo anadzuka kukatseka zenera kuti oyandikana nawo asamve ndewu ikabuka. Mbale inkangolira. Tsiku la m'masewerawo lisanafike madzulo, makanika anali chimanjamanja, pomwe mkazi wake, atapita kugalaja n'kubwerako, anali ndi kamulu kotsala.

"Nanga kusukulu yosoka mupita nthawi yanji?" anafunsa mkaziyo, osaseka.

Makanika anayang'ana kamulu kaja nthawi yaitali, akukanda m'mutu.

"Ndigawireniko."

"N'zanu zomwe, bambo. Ndi zija mumathera pampando mukuonera mpira."

Agogo anagwira m'mphepete mwa tebulo kudikira kuti mbale iuluke. Koma mwana wawo anangokankhira kamuluko mbali ya mkazi wake, kuti maola akewo akhale a kusukulu yosoka.

Lolemba mpongozi anapita kusukulu, tepi yoyezera ili m'khosi. Agogo anamuperekeza ndi maso mpaka pakona, akuthokoza Mulungu chamumtima, ngakhale sanaleke kufuulira mwana wawo kubafa kuti sopo asalowe m'maso mwa khanda, ndiponso kuti madzi otentha sayesera pa mwana.

Makanikayo tsopano amalawirira kumpopi ndi ndowa ziwiri, azimayi a pamzere n'kumamusungira malo. Manja ake akuda ndi oyilo anayera ndi kuchapa matewera, moti anzake kugalaja anamupatsa dzina loti Anamwino, ndipo amavomera.