Foni Yokana Chala Changa

Foni ya tachi ndinadana nayo tsiku lomwe ndinaiona. Anabwera nayo ndi mwana wathu Priscilla, Loweruka limene anadzatenga mayi ake kupita nawo kuchipatala cha maso ku Lilongwe. Inali yakale, yoti mwini wake anatopa nayo, galasi lake lili ndi mng'alu pakona. Kafoni kathu ka mabatani anati katengedwe ndi mayi akewo, poti iwo saona bwino ndipo mabatani amawadziwa pongopapasa. Ine anandisiyira chigalasicho.

"Adadi, n'zosavuta," anatero Priscilla ali pakhonde, chikwama chili kale m'manja. "Ikalira muona kanthu kobiriwira apa. Muikepo chala, mukokere kumanja. Osadinikiza. Musaisiye padzuwa. Kuwalaku ndachepetsa kuti batire lisathe msanga. Mukatsika kuphiri muziizimitsa ndi kabatani kam'mbalika, chifukwa kuno kumudzi imangotha moto pofunafuna netiweki. Tiziimba folo koloko tsiku lililonse kuyambira Lolemba. Tayesani ndione."

"Ndaona," ndinatero, manja ndili nawo kumbuyo.

Sindinayese chifukwa ndinali wokwiya. Mkazi wanga Faines diso lakumanzere linafa kalekale atalasidwa ndi phesi kumunda. Lakumanja ndi limene linaphimbidwa ndi ng'ala, moti ankathira mchere kawiri m'ndiwo ndipo anthu ankawazindikira ndi mawu okha. Priscilla anamva kuti kukubwera madokotala ochotsa ng'ala, a sabata imodzi yokha, ndipo analembetsa dzina la mayi ake osandifunsa. Ine ndinakana. Ndinati diso latsala limodzi, ndiye mukalipereke kwa munthu wogwira mpeni amene simukumudziwa ngakhale dzina? Ndaona zambiri ine. Ndamvapo anthu ovala bwino akunena kuti musadandaule, ndipo nthawi zonse odandaula pambuyo pake tinali ife.

Potsanzikana Faines anaima pakhomo akuyang'ana kumene kunkachokera mpweya wanga.

"Abambo a Priscilla, ndiye sitimva mawu anu?"

"Pitani," ndinatero. "Pobwera mugule ndodo. Ine sindidzakutsogolerani."

Anapita. Ndinamva njinga za kabaza zikutsetserekera ku Malomo, ndipo ndinalowa m'chigafa kukasoka fodya ngati palibe chachitika.

Kwathu kuno netiweki imapezeka malo amodzi, pa thanthwe la pamwamba pa kaphiri kakuseri kwa mudzi. Wachinyamata amakwera mosavuta. Ine ndimapuma katatu. Lolemba ndinakwera, ndinayatsa foni, ndinakhala pansi. Folo koloko itakwana inalira, ndipo dzina la Priscilla linaoneka, kanthu kobiriwira kaja kakuphethira pansi pake. Ndinaikapo chala n'kukoka. Sikanasunthe. Ndinadinikiza. Ndinadinikiza kwambiri mpaka galasi linachita mabala amitundu. Ndinayesa chala chachikulu, ndinayesa chikhadabo, ndinatola kamtengo. Foni inalira mpaka inatopa, inaliranso, inatopanso.

Ndinatsika ndikunena kuti mwana uja wandipatsa chakufa. Ana a m'tauni ndi otero: chikawathera ntchito amakumbuka kuti ali ndi bambo kumudzi.

Lachiwiri zinali zomwezo, kungoti inalira kasanu. Ndinaiika pa thanthwe n'kumaiyang'ana ikunjenjemera yokha ngati chikumbu chogwa chagada. Ndinkadziwa kuti mbali inayo Faines wakhala pamphasa kapena pabenchi, khutu lili kwa mwana wake, akufunsa kuti ayankha? Ndipo ndinkadziwa chimene akuganiza. Zaka makumi anayi ndi chimodzi tili limodzi, ndikakwiya ndimakhala chete. Iye amadziwa kukhala chete kwanga kuposa mawu anga.

Lachitatu itasiya kulira panabwera uthenga. Unaonekera wokha pagalasi, ndipo ndinauwerenga pang'onopang'ono ndi sukulu yanga ya sitandade folo. Unati: "Adadi, amayi akulowa ku opareshoni mawa m'mawa. Akuti salowa ngati inu simunavomere ndi pakamwa panu. Tiimba seveni koloko. Mukapanda kuyankha tibwerako."

Ndinawerenga kawiri. Ine ndinakana, inde. Koma ndinakana ndikudziwa kuti apita ndithu, ndipo zikakavuta mlandu sudzakhala wanga. Tsopano mkazi uja anali ataubweza mlanduwo n'kuuika m'manja mwanga. Akabwerera osalowa, madokotala apita kwawo, ng'ala itseka diso lotsalalo, ndipo adzakhala mumdima chifukwa cha pakamwa panga.

Nditatsika sindinapite kunyumba. Ndinapita kwa alamu anga a Abrahamu, achimwene ake a Faines, amene anali mphunzitsi mpaka anapuma. Sindikonda kupita kumeneko. Ine ndine mkamwini m'mudzi muno, ndipo a Abrahamu sanalolepo kuti ndiiwale ngakhale tsiku limodzi. Ndinawapeza pakhonde, mwendo wawo wa bondo lotupa atautambasulira pampando.

"Kodi dzuwa latulukira kuti lero? Akamwini afika okha osaitanidwa."

"Sindinabwere kudzacheza, alamu. Chinthuchi n'chakufa kapena n'chamoyo?"

Anavala magalasi, anaiyatsa, anadutsitsa chala chawo pagalasi ngati akupukuta fumbi. Foni inatseguka, tizithunzi tambirimbiri mbwee.

"Ndi yamoyo kuposa inu. Tayesani."

Anaitseka n'kundipatsa. Ndinakoka. Palibe.

"Tabweretsani dzanjalo."

Analigwira, analitembenuza, analiyandikizira kumaso. Inali nyengo yothyola ndi kusoka fodya, ndipo zala zanga zinali bii ndi utomoni wake, pansi pa utomoniwo pali chikhungwa cha khasu chosweka ngati dothi la m'chilimwe.

"Ichi si chala, alamu, ndi chiboda cha ng'ombe. Foniyi imafuna khungu la munthu. Ikakhudzidwa ndi chimenechi ikuganiza kuti yagwera pa mtengo."

"Si tonse tinakalamba tikugwira choko."

"Choko chomwecho n'chimene mwachifuna lero. Vuto n'chiyani?"

Ndinawaonetsa uthenga uja. Atawerenga anavula magalasi. Kenako anayang'ana bondo lawo, anayang'ana kaphiri kaja, anapukusa mutu.

"Ine pamwamba paja sindingafike, ngakhale mutandibereka. Mutenge mpongozi wanga Rejoice mawa, akakutsegulireni."

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Kuti pofika masana mudzi wonse ukhale utadziwa zimene Gregorio amalankhula ndi mkazi wake? Pachigayo, pamjigo, kutchalitchi?"

"Akatsegula achoka, akaima patali."

"Makutu a mtsikana ameneyu ndimawadziwa. Amamva za kuseri kwa phiri."

"Ndinu munthu wovuta, alamu. Mlongo wanga anachimwa chiyani kwa Mulungu?" Anatembenukira m'nyumba. "Rejoice, tatitenthetsera madzi m'beseni. Ubweretsenso sopo, phulusa ndi chitsononkho."

Sindidzaiwala madzulo amenewo. Dzuwa likupendeka, amuna awiri okalamba pakhonde, mmodzi dzanja lili m'beseni, winayo akulikwecha ndi chitsononkho ngati akutsuka mphika. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro. A Abrahamu ankagwira ntchitoyo mwakhama, lilime lili panja, akundinyoza osapuma.

"Utomoni uwu ndi wa chaka chino, uwu wa chaka chatha. Apa tafika pa nthawi ya ukwati wanu. Munabwera ndi dzanja lomweli kudzafunsira mbeta?"

"Mukundisenda."

"Pirirani. Ndipo mumve, poti pasukulu simunakhalitse. Foni iyi si ng'ombe yapangolo, siimva kukwapula. Mukaidinikiza imauma khosi. Muziikhudza pang'ono, ngati mukuchotsa kachitsotso pa tsaya la khanda. Galasi muzilipukuta ndi nsalu youma, osati malaya anu a fodyawa. Ndipo musamaiyang'ane ndi nkhope imeneyo."

"Nkhope yalowapo bwanji?"

"Siinalowepo. Ndangotopa nayo."

Chala chitafewa n'kuyera ngati cha munthu wodwala, anachipukuta n'kundipatsa foni. Ndinakoka pang'onopang'ono. Inatseguka. Ndinayesanso, inatsegukanso. A Abrahamu anawomba m'manja kamodzi.

"Mwakhoza mayeso, mkamwini. Mawa musakagwire fodya musanakwere." Ndikunyamuka anandigwira mkono. "Mukamuuze alowe. Musakayambe za ulaliki wanu uja."

M'mawa ndinadzuka kusanayere bwino, ndinasamba dzanja, ndinayamba kukwera. Kunali chifunga ndi mphepo yozizira ya ku Ntchisi kuno, yolowa mpaka m'mafupa. Ndinafika pa thanthwe nthawi isanakwane. Ndinayatsa foni kuti ndiyeserere. Ndinakoka. Palibe.

Ndinayang'ana chala. Mphepo inali itachiumitsa, chikhungwa chija chabwerera, cholimba ngati kale. Ndinachipumira mpweya, ndinachipaka pa thalauza, ndinachilowetsa m'kamwa. Malovu anangopaka galasi, foni inachita ngati yaledzera, kenako inakhala duu. Ndinapukuta ndi mpango. Ndinayang'ana kumudzi, utsi ukutuluka m'makhitchini, ndipo ndinaganiza za Rejoice amene ndinamukana. Kutsika ndi kukweranso kukanandidyera ola lathunthu.

Foni inalira.

Ndinakoka ndi chala ichi, ndi icho, ndi dzanja lamanzere. Inasiya. Inaliranso. Ndinailankhula mokoma, ine amene sindinapemphepo chinthu kwa munthu. Ndinati iwe, ndakulakwira chiyani, tsegula kamodzi kokha. Inasiya. Panapita kanthawi kotalika, ndipo ndinaona m'maganizo Priscilla akupinda zitenje kuika m'chikwama.

Italira kachitatu maso anga anali atachita nkhungu, kaya ndi mphepo kaya n'chiyani. Ndinaiyandikizira kunkhope kuti ndione ngati mng'alu uja wafika pa kanthu kobiriwira. Ndinaiyandikiza kwambiri mpaka mphuno inagunda galasi. Kanthu kaja kananjenjemera n'kusuntha pang'ono.

Ndinaima. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu, mbuzi ziwiri zokha. Ndinagwira foni ndi manja onse, ndinaika mphuno pa kobiriwirako, ndinatembenuza mutu ngati ndikukana chinthu.

"Halo? Adadi? Adadi, mwayankha? Amayi, ayankha, gwirani."

Ndinamva kupukusika kwa nsalu, kenako kupuma kumene ndimakudziwa.

"Abambo a Priscilla."

"Ndine."

"Masiku atatu."

"Sikunali kukwiya, amake Priscilla. Foniyi imakana chala changa. Ndimakwera tsiku lililonse, ndimaiona ikulira."

"Nanga lero chavomera?"

"Ayi."

"Wakutsegulirani ndani? Muli ndi munthu pamenepo?"

"Ndili ndekha. Ndatsegula ndi mphuno."

Kenako ndinamva kaphokoso kaja Faines amachita akamabisa kuseka m'tchalitchi, ndipo kanakula mpaka anayamba kutsokomola. Ndinamva akuuza mwana kuti abambo ako akuyankha foni ndi mphuno, ndipo winanso amene sindikumudziwa anaseka chapatali.

"Ndiye mwauza chipatala chonse."

"Mphuno imene ija yapeza ntchito," anatero akupuma movutikira. "Zaka zonsezi ndimadabwa kuti anakupatsirani yaikulu chotere chifukwa chiyani."

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza." Mawu awo anatsika. "Akuitana mayina, abambo. Patsogolo panga patsala anthu awiri. Ine ndikuopa. Usiku sindinagone. Mukati bwerera, ndibwerera, sindidzakudandaulani."

Ndinakhala pa thanthwe lonyowa.

"Inenso ndikuopa," ndinatero. "N'chifukwa chake ndinalankhula zopusa zija. Madokotalawo sindikuwakhulupirira, ndisakunamizeni. Koma lowani. Zikayenda, zayenda. Zikakanika, maso anga alipo awiri, tidzagawana."

"Anu omwe aja osaona nkhuku ikulowa m'nkhokwe?"

"Omwewo."

"Mwadya chiyani masiku onsewa?"

"Mbatata."

"Zokhazokha? Pitani kwa achimwene mukadye, musachite manyazi. Mbuzi yabere ija muziimangirira pafupi." Kenako anati, "Nenaninso."

"Chiyani?"

"Chija mwanena. Ndimve bwino."

"Ndati lowani, Faines."

Dzina limenelo ndinali ndisanalitchule kuyambira Priscilla atabadwa. Ndinangomva mawu a mkazi wina akuitana, "Mayi Faines Gregorio," ndi Priscilla akuti tiyeni amayi, dzukani pang'onopang'ono.

Priscilla anaiwala kudula foni, ndipo ine sindinkadziwa podulira. Ndinaisiya kukhutu. Ndinamva masilipasi a mkazi wanga akukhwekhwereza pa simenti, chitseko chikulira, namwino akufunsa ngati adya kanthu m'mawa uno. Kenako namwinoyo anati, "Dzulo mumakana, agogo. Lero mwasintha maganizo?"

"Amuna anga avomera," anatero Faines, mokweza ngati akuuza wodi yonse. "Ali paphiri panopa, akudikira."

Chitseko chinatsekeka. Ndinakhalabe pomwepo ndikumvera phokoso la m'khonde la chipatala, mpaka foni inaduka yokha.