Landirova Yotangadza ya a Bestone

Zitsulo zinayi zozungulira zinagwera pafupi ndi mutu wanga ndili chigonere kunsi kwa lole ya matabwa. Nditasuzumira ndinaona nsapato zonyezimira, ndipo mwini wake ndinamudziwa ndisanaone nkhope. Anali a Bestone, tcheyamani wa chipani kudera la Champhira.

"Iwe Mchewa, fuma uko," anatero. "Undiikire izi pa Landirova yanga. Lero lomwe, mbwenu."

Ndinatuluka n'kuvula chipewa, monga tinkachitira tonse zaka zimenezo. A Saleh, eni galaja yomwe ndinkagwirako ntchito pa Mzimba boma, anatola chitsulo chimodzi n'kuchitembenuza.

"Masipesa awa, bwana. Mwawapeza kuti?"

"Ku Chikangawa, kwa mnzanga wocheka matabwa. Akuti ukaika kuseri kwa matayala, matayalawo amatuluka panja, galimoto imatangadza. Siigwanso chammbali."

Chimene chinaigwetsa chammbali tonse tinkachidziwa, koma ine chinkandiwawa kuposa aliyense. Kwathu ku Dedza mwamuna amangonyamula khasu n'kukalowa chikamwini. Kuno mkazi umalowola ndi ng'ombe. Ndinakhetsa thukuta, ndinayenda ndi buluku lazigamba anzanga akutchena, mpaka ndinakatula ng'ombe zanga m'khola la adada a Zimba, bambo ake a mkazi wanga Elube. Kenaka a Bestone anayamba kuzungulira m'midzi kutolera mphatso za chipani. Imodziimodzi ng'ombe zinkakwera Landirova, ndipo zambiri zinkasochera panjira n'kukapezeka m'khola lawo. Mudzi wonse wa apongozi anga unatsala wopanda yolimira. Yomaliza kutengedwa kwa apongozi anga inadzuka pamtsetse, galimoto n'kugudubuka. Inathyoka mwendo, ayufi a chipani n'kuidya pompo. M'kholamo munatsala imodzi yokha, yaikazi, ili ndi bere.

"Loweruka ndikupita kwa apongozi ako," anatero a Bestone uku akumwetulira. "Uikonze bwino chomene, ng'ombe yawo isadzavulale panjira."

Sipanala inandilemera m'manja. Kunena zoona, ndinalakalaka nditaitsitsa padazi lawo. Atapita kukamwa tiyi, a Saleh anandigwira paphewa.

"Gordon, mwana wanga, ndakuona maso. Ukasiya nati imodzi yosamanga, tonse tikaolera kundende. Ine ndili ndi ana."

"Ndimanga zonse, bwana," ndinatero.

Ndinakweza galimoto pajeke, ndinachotsa tayala loyamba, mtima ukundiwira. Ndinaika chitsulo chija, n'kubwezerapo tayala. Linatulukadi panja, mwina zala zitatu. Nditamaliza mbali zonse ndinaima kutsogolo kuti ndione mmene yakhalira, ndipo m'maso mwanga munabwera mlatho.

Kuti ufike kwa adada a Zimba umawoloka mtsinje wa maphompho. Mlatho wake tinamanga tokha pantchito yachitukuko, a Bestone omwewo atatikusa ngati mbuzi. Matabwa kunalibe. Tinagoneka mitengo iwiri ya bulugamu, yosemedwa pamwamba, umodzi wa matayala akumanja, wina wa akumanzere, pakati popanda kanthu. Mpata wake tinayeza ndi bango pamapazi amene Landirova yomweyi inasiya m'matope.

Ndinaseka ndekha mpaka a Saleh anacheuka. Za mlatho palibe anandifunsa. Anandituma kumanga, ndipo ndinamanga manati amenewo mwachikondi, iliyonse mpaka sipanala kulira. Chiyambire umakaniko sindinagwirepo ntchito yaukhondo chotero.

A Bestone atabwera anaizungulira galimoto, n'kumenya tayala ndi nsapato. "Yewo chomene. Tsopano yaima ngati mwamuna."

Lachisanu ndinakwera basi ya ku Champhira, kotsalako ndinayenda pansi. Elube anali komweko nyengo imeneyo, kuthandiza bambo ake kupalira. Ndinamupeza kukhola akukanda ng'ombe ija pakhosi, maso ali ofiira. Ndinamuuza zonse. Sanaseke, anangopita kukanong'oneza azakhali ake, a Scholastica, amene ankatsogolera nyimbo za amayi.

Loweruka kunacha mvula itagwa kumtunda, mtsinje uli wofiira. Lamulo linali loti tcheyamani akamabwera kudzalandira mphatso, amayi amuchingamire pamlatho ndi nyimbo, atavala nsalu za chipani. Anaimadi pamenepo akuimba, ife amuna tili kumbuyo ndi makadi athu a chipani m'matumba. Landirova inatulukira pamtunda, ayufi a malaya ofiira ataima kumbuyo ndi zingwe. A Bestone ankayendetsa okha, chigongono chili pawindo. Mlathowo anali atauzolowera, ndiye sanachepetse n'komwe liwiro.

Matayala akutsogolo anaponda mitengo m'mphepete mwenimweni. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anapotoza chiwongolero kuti akonze, lakumanzere n'kukhazikika bwino, lakumanja n'kupita m'malere. Phuu! Galimoto inagwa pamimba n'kupendekeka, matayala awiri akuzungulira pamwamba pa madzi. Ayufi awiri anakhuthukira mumtsinje, anakatulukira kumunsi atagwira bango, malaya ali matope okhaokha.

Nyimbo inaduka. Kunangomveka madzi. Kenaka a Bestone anatulukira pawindo, n'kuyamba kukwawa pamtengo ndi manja ndi maondo, nsapato imodzi itatsala m'galimoto. Munthu amene ankatigwaditsa tonse anafika kwa ife chokwawa. Mulungu andikhululukire ngati akufuna, koma mtima wanga unazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

Maso awo anandipeza. "Iwe! Unamanga bwino iwe?"

"Onani nokha, bwana. Palibe tayala lachoka."

Anayang'anadi. Onse anayi analipo, olimba, otangadza bwino.

"Mukuona chiyani? Kokani!" anakuwa. Amuna tinamanga zingwe zija, zomwe anabwera nazo kudzamangira ng'ombe, n'kukoka. Tinakoka monga amakokera anthu odya ndiwo zopanda mchere: mapewa akugwedera, kukamwa kukubuula, chingwe chili lende. Galimoto sinasunthe, koma mtengo wakumanja unayamba kulira.

"Ng'ombe! Bweretsani ng'ombe zapagoli zikoke, msanga!"

Adada a Zimba anasendera kutsogolo. Anavula chipewa, anagwada pamatope mwaulemu wonse, n'kuwomba m'manja.

"Ndapota, adada tcheyamani. Zapagoli muno mulije. Zonse tinapereka mphatso."

 Pamenepo, kuseri kwa nyumba ya adada a Zimba, ng'ombe inalira. Mmodzi wa ayufi anatukula mutu. Koma a Scholastica anali ataponya kale nyimbo, ija yotamanda chipani yomwe aliyense ankaopa kuidula, ndipo amayi anaivomera ndi mphamvu imene sindinaimvepo pamsonkhano uliwonse. Anavina mpaka matope kuthovukira pabuluku la tcheyamani, nthungululu zikung'amba makutu. A Bestone anayenera kuima chilili, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, kudikira kuti ithe.

Siinathe. Ikati ifike kumapeto, a Scholastica ankaibwezanso poyambira. Ine ndinagwirabe chingwe changa ngati wokoka, maso ali kuphiri. Kanjira kopita kwa amalume ake a Elube, kutsidya kwa malire a Zambia, kanali kukwera pakati pa misuku, ndipo mmenemo ndinaona Elube. Nsalu ya chipani anali ataivula m'chiuno n'kuimanga m'khosi mwa ng'ombe, akuikoka pang'onopang'ono chifukwa cha bere lake.