Malo Amene Marisela Anawasiya

Marisela Quintanilla anayamba kulakalaka udokotala wa mano ali ku sekondale, m'katauni kena ka kum'mwera kwa Texas. Akaweruka ankathamangira kuchipatala cha Dokotala Hinojosa, mayi wachikulire wa mawu okhuthala, kukatsuka zipangizo ndi kutonthoza ana oopa jakisoni.

Chaka chake chomaliza, sukulu ziwiri zinamulandira. Ina inali koleji yaing'ono ya m'tauni yoyandikana nayo, yosatchuka n'komwe, koma inali ndi pangano ndi sukulu ya udokotala wa mano: wophunzira akamakhoza bwino zaka zonse, malo ake kumeneko ankachita kumudikira. Pa sekondale yawo kolejiyo inatengapo iye yekha, ndipo mnzake Nayeli Treviño anauzidwa kuti adikire mwina wina akana. Inayo inali yunivesite yaikulu ya kumpoto, ija ukangoitchula dzina anthu amagwira pakamwa.

"Iwe, usatengeke ndi dzina," anatero Dokotala Hinojosa akuvula magolovesi. "Akusukulu ya mano sayang'ana kukongola kwa geti, amayang'ana malikisi. Pita komwe aphunzitsi azikakudziwa nkhope."

Marisela anavomera, ndipo mtima wake unali komweko kale. Loweruka anapita kugalaja ya bambo ake kuti akawauze. Anawapeza a Efraín, munthu amene sukulu anaisiyira panjira, atavala kapu yatsopano ya yunivesite ya kumpoto ija, manja ali mafuta okhaokha koma kapuyo yopanda ndi kadontho komwe.

"Si uyu ndimakuuzani uja!" anakuwa. "Akupita kumene amapita ana a maloya!"

"Nanga nzeruzo anatengera ndani, Efraín?" anafunsa makaniko mnzawo ali kunsi kwa galimoto. "Poti iwe powerenga umachita kuloza ndi chala."

"Amake, nanga ndani! Koma chimutu chachikulucho ndi changa."

Galaja yonse inafa nalo phwete. Marisela anaseka nawo, mawu amene anabwera nawo n'kuwameza. Bambo akewo anali asanawaonepo atawongoka msana choncho.

Atauza Nayeli kuti malo a kukoleji yaing'ono aja awasiya, mnzakeyo sanakondwe msanga.

"Wapenga kodi, Mari? Nyama ili kale m'mbale iwe ukuthamangira ya m'tchire?"

"Tenga malowo iwe. Ine ndikazipeza konko. Buku ndi buku basi."

Koma kumpoto buku silinali buku basi. M'kalasi ya kemisitiri munkadzaza anthu ngati m'bwalo la mpira, mphunzitsi ali uko pansi ndi maikolofoni, osadziwa ngakhale mmodzi. Anzake ambiri zinthuzo anali ataziphunzira kale kusukulu zawo zapamwamba. Malikisi ankawagawa mopikisanitsa, moti kukhoza kwa mnzako kunali kugwa kwako, ndiye panalibe wofuna kuthandiza mnzake. Ulendo wina analimba mtima kukagogoda kwa mphunzitsi. Anapeza mzere mpaka pamasitepe, nthawi n'kutha asanafike pakhomo.

Kulephera sanalephere. Ankangodutsa mokwawa, koma mokwawa salowera sukulu ya mano. Bambo ake akaimba foni ankangoti, "Zikuyenda, Ababa," iwo n'kumuuza kuti m'tauni monse akumufunsa.

Digiri anaitenga. Anafunsira malo kusukulu za mano, zonse zinamukana. Chaka chotsatira anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu analibenso mphamvu. Nthawi imeneyo n'kuti Nayeli ali mkati mwa maphunziro a udokotala, atavala kale chovala choyera.

Atabwerera kwawo, tsiku lina masana anakhala ndi bambo ake kuseri kwa galaja, pamatayala akutha.

"Mwanangu, kumpoto kuja unkakufunadi?" anafunsa a Efraín, maso ali pansi.

"Ndinkafuna koleji yaing'ono ija, Ababa."

"Aa! Nanga osanena bwanji?"

"Simunandifunse."

"Iwenso sunanene." Anapukuta manja pansanza nthawi yaitali ngakhale anali oyera kale. "Ine ndinkati ndikukondwera nawe. Kani ndinkakukankha."

Onse ankanena zoona, ndipo panalibe woti n'kumukalipira. Chimenecho ndicho chinkamuwawa Marisela kwambiri.

Dokotala Hinojosa sananene kuti "ndinakuuza." Anangomupezera ntchito kumalo opangira mano oikirira. Kumeneko madokotala amatumiza zikombole za m'kamwa mwa odwala, amisiri n'kuumba mano. Marisela anaigwira ntchitoyo mpaka kutchuka nayo, koma odwala ake sankawaona nkhope. Ankangodziwa nsagwada zawo. Dokotala Hinojosa atapuma pantchito, chipatala anachisiyira Nayeli, ndipo zikombole zambiri zinayamba kuchokera kwa iye.

Patapita zaka, matenda a nkhama anawagwira a Efraín. Nayeli anayesetsa, koma mano am'mwamba anachita kuwazula onse. Chikombole chitafika, Marisela anauza anzake kuti pasapezeke wochikhudza. Anaumba pang'onopang'ono, akukumbukira mmene bambo ake ankasekera. Anasiya kampata kamene kanali pakati pa mano awo akutsogolo, dzino lina n'kulipendeketsa pang'ono monga linalili, kuti pagalasi asakadzione ngati mlendo.

Tsiku lowaveka anawaperekeza. Lamulo sililola mmisiri kulowetsa dzanja m'kamwa mwa wodwala, ngakhale wodwalayo akhale bambo ake omubala. Choncho anaima chotsamira khoma, manja ali kumbuyo.

"Tayasamulani, Bambo Quintanilla," anatero Nayeli. "Lumani tsopano. Pakuwawa pena?"

Iwo anapukusa mutu.

"Koma Mari iwe!" anatero Nayeli. "Palibe n'popala pomwe. Angolowa ngati anamera okha."

A Efraín anatenga galasi, n'kumwetulira mwamanyazi, kenako mokweza. "Ndabwerera paunyamata ine. Amako ayamba kundilondalonda."

Marisela anaseka, koma maso ake anali pa zala za Nayeli, mmene zinkagwirira chibwano cha bambo ake mofatsa. Zonse zimene mnzakeyo ankachita iye ankazidziwa, mpaka chimene achite pambuyo pake.

Potuluka, Nayeli anamukokera pambali. "Bwanji osayesanso? Alipo amene amalowa ali aakulu kuposa iwe. Ine ndikhoza kukuyankhulira."

"Ndiona, mnzanga," anayankha Marisela. Onse awiri anadziwa tanthauzo la "ndiona" ameneyo, ndipo Nayeli sanaumirire.

M'galimoto a Efraín anayamba kuvuta kuti aime pamsewu agule chimanga chootcha chopaka tsabola, awayese manowo.

"Ayi, Ababa. Sabata ino zofewa zokhazokha."

"Ndani wanena?"

"Adokotala anu."

"Sindinawamve ine."

"Akananena mukanapanda kulongolola."

Anakawatula kunyumba, n'kuuza mayi ake zoti aziwaphikira. Kenako anakhotetsa galimoto kubwerera kuntchito, kumene zikombole zina za Nayeli zinali zitafika m'mawa.