Phunziro la Benalu

Pak Sihombing, kapena kuti Bambo Sihombing, anabwera pasukulu pathu kuchokera ku chilumba cha Sumatra, mawu ake aakulu ngati akuitana munthu wa tsidya la mtsinje. Ife Ajava timalankhula mozungulira, iye ankangolasa. Ankaphunzitsa mabuku a nthano, ine masamu, ndipo ndinkamukonda ngakhale ankanditopetsa.

Tsiku lina anatulutsa ana athu a sekondale m'kalasi n'kuwaimika pansi pa mtengo wa mango. Anawalozera benalu, kachomera kamene kamamera panthambi n'kumayamwa madzi a mtengowo.

"Anthu a m'nkhani ali ngati zamoyo za m'nkhalango," anatero. "Wina amadyetsa anzake, wina amadyedwa, wina amangoyamwa. M'buku lathuli, mtengo ndani? Benalu ndani?"

Phunzirolo linakoma, mpaka alesi okhala kumbuyo anakweza manja. M'bukumo munali mnyamata wokulira kwa amalume ake, ndipo onse anati benalu ndi ameneyo. Kenaka wina ananong'ona kuti, "Ngati Lastri," kuseka n'kubuka.

Lastri anali mtsikana wa kumapiri, kumene kulibe sekondale. Ankakhala kwa azakhali ake, Bu Darmi, kapena kuti Mayi Darmi, monga amachitira ana a osauka kwathu kuno: iwe umagwira ntchito za pakhomo, iwo amakuphunzitsa. Mwana wa Bu Darmi, Gendis, anali m'kalasi lomwelo. Sabata isanathe, anyamata ankavundikira mpunga wawo Lastri akamadutsa. "Bisani, bisani! Atiyamwa!"

Pak Sihombing atamva anapsa mtima. "Mawa ndikonza zimenezi," anandiuza.

"Pak, zisiyeni zizizire zokha. Za m'nyumba ya eni musazikhudze."

"Aa, Bu! Inu Ajava mumamwetulira nyumba ikupsa!"

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma saonjezapo kuti kalumoko kamachekanso. Makalasi athu amalekanitsidwa ndi matabwa okha, choncho m'mawa mwake ndinazimva zonse. Anamuimiritsa Lastri kutsogolo.

"Kwa azakhali akoko amaphika ndani?"

"Ndine, Pak."

"Amachapa ndani? Kweza mawu, amve!"

"Ndine, Pak."

"Nanga agogo odwala aja amawasambitsa ndani?"

Choko chinandithyokera m'manja.

"Mwamva nonse?" anakuwa. "Tsopano ndiuzeni, m'nyumba imeneyo akuyamwa mnzake ndani?"

Ndinadziwa kuti maso onse ali pa Gendis. Loweruka lake Lastri anakwezedwa basi ya kumapiri, zovala zake m'katoni.

Ndinamuperekeza Pak Sihombing kwa Bu Darmi, poopa kuti akapita yekha akaonjeza moto. Mayiyo anatilandira bwino, natipatsa tiyi wotsekemera ndi nthochi zokazinga.

"Zikomo potikumbutsa, Pak," anatero akumwetulira. "Kani mwanayo tinkamutopetsa. Akapumuleko kwa amayi ake."

"Chabwino, ndiye abwerera liti? Mayeso ayandikira."

"Imwani tiyi, Pak, angazizire."

Ine mtima unandiwawa, chifukwa m'mawu amenewo ndinamva ngati chitseko chikutsekeka. Iye anamwa tiyiyo, nayamikira shuga.

Lamulungu anakwera njinga yake yamoto mpaka kumapiri, kumene anapeza Lastri akuyanika fodya ndi amayi ake. Pobwerera anadzera kunyumba kwanga, nkhope ikuwala.

"Zatheka, Bu! Ndamuuza kuti ndimupezera pokhala pena, abwere mawa. Wavomera!"

"Wati chiyani?"

"Wati, 'Inde, Pak.' Amayi akenso ati inde."

"Anafunsa kuti akakhala kwa yani? Kapena basi inyamuka nthawi yanji?"

"Ayi, anangowerama. Ndi mwana waulemu."

Ndinamuuza mosabisa, ngati kuti ndine wa kwawo ku Sumatra. Mwana wa kuno sakana mphunzitsi pamaso. Ndipo palibe mayi amene angalole mwana wake kukakhala kwa alendo m'tauni momwe muli mlamu wake, kumeneko kungakhale kumuchititsa manyazi Bu Darmi kachiwiri. Anandiseka kuti ndimaona mdima paliponse.

M'mawa anaima pageti pamodzi nafe, pamene ana amagwira dzanja la mphunzitsi n'kuligunditsa pachipumi. Anadutsa onse, ndi Gendis yemwe, mwaulemu wake wonse. Belu linalira, ife tinalowa. Nditasuzumira pawindo, ndinamuona akali pomwepo, akumuchonderera mlonda kuti asatseke kaye geti.