Thupi la Sellah

Adokotala a ku Lilongwe anamuuza Sellah maso ndi maso: "Mayi, tingathe kukutengani mazira, kuwaphatikiza ndi mbewu ya bambo, n'kukubwezerani m'chiberekero. Koma thupi ili lichepe kaye, ndi mafuta omwe ali m'magazi mwanumu atsike. Mukapanda kutero, mwayi woti mimba ikhale ndi wochepa."

Anamva ndi makutu ake awiri. Pamenepo musaiwale.

Sellah anali mkazi wa a Moffat, mwini esiteti ya fodya ku Chulu. Zaka zinapita, pakhomo popanda thewera pachingwe, ndipo alongo awo a Moffat, a Fainala, anali atayamba kale kuyendayenda m'midzi ndi maso akuthwa pa atsikana.

Poyamba Sellah anamvera adokotala. Nkhumba ya pachiwaya anaisiya, tchipisi anasiya, kumunda ankapita wapansi ngati mkazi wa tenanti. Chitenje chinayamba kuzungulira kawiri. Koma kwathu kuno munthu saonda chabe. Tsiku lina akudutsa kuseri kwa chigafa, kumene amayi ankasankha fodya, anamva mawu apansipansi.

"Mwawaona adona? Khosi ngati la nkhuku yonyowa."

"Kaliwondewonde uja sasankha, anzanga. Amalowa ndi m'nyumba ya malata."

Anaseka, ndipo kusekako kunamutsatira mpaka kunyumba. A Moffat nawo anali atazimva ku golosale ya a Osman.

"Mayi a kunyumba, anthu akuti ndakupatsani matenda. Idyaniko pang'ono, mundichotse manyazi."

Pang'ono ndi pomwe zimayambira. Mafuta a nkhumba anabwerera m'mbale, mang'ina, mandasi a m'mawa. Masaya anadzaza, amayi a kuchigafa anayambanso kumugwadira bwino. Mawu a adokotala ankawakumbukira akamadya, koma ankadya.

Tsiku la kuchipatala litayandikira, Sellah anachita zomwe anakula akuziona kwa alimi achinyengo: fodya wabwino pamwamba, woola pakati pa belo. Anadzimana chakudya masiku angapo, akumwa madzi a mandimu okha, kuti sikelo imukomere. Sikelo inatsikadi pang'ono. Koma wogula fodya wochenjera sayang'ana pamwamba, amapisa dzanja pakati. Adokotala anamutenga magazi.

"Mafuta akadali okwera, mayi. Tidikire."

"Adokotala, ine kudikira ndatopa nako. Kwathu kuli anthu amene sakudikira."

Anachonderera mpaka adokotala analola, atamuuzanso kachiwiri zomwe zingachitike. Mazira anapezeka ochepa, ndipo lokhwima bwino linali limodzi. Analibwezera m'mimba, iye n'kubwerera ku Chulu akuyenda ngati wasenza mtsuko wodzaza.

Mvula yoyamba isanagwe, magazi anatuluka. Anakhala pansi kubafa nthawi yaitali, osalira, akumvetsera njinga yomwe inkalowa pabwalo. Anali a Fainala, atanyamula mtsikana kumbuyo kwa njingayo.

"Alamu, uyu ndi Lusiya wa ku Njombwa. Adzakuthandizani kusoka fodya. Azigona m'nyumba momuno, kwa matenanti kulibe malo."

Fodya anali asanaokeredwe n'komwe.

Lero mukapita ku Chulu mukamupeza Sellah pakhonde, wonenepa kuposa kale. Amayi odutsa amamuyamikira kuti a Moffat amadziwa kusamala mkazi. Iye amangoyang'ana pachingwe, pomwe Lusiya wayanika matewera.